Malipiro Achepe, Kapena Anzathu Achoke?

Ambiri mwa ife a kuno ku Mchinji sitidakwerepo ndege. Timangoimva ikulira m'mitambo tili kumunda, ana nailoza ndi kukuwa, ife n'kuweramiranso pa khasu. Tsono wina angafunse kuti: kodi nkhani ya antchito a ndege ifuna chiyani m'nyuzi ya anthu olima mtedza, chimanga ndi fodya? Yankho ndi lakuti funso limene lidawagwera anthu amenewa lidafika kale pa maesiteti athu, m'masitolo a pa Boma ndi pa Kamwendo, m'zigayo ndi m'sukulu, ndiponso pakhomo pa aliyense amene adalemba mnzake ntchito. Funsolo ndi ili: ntchito ikayamba kugwa, ndalama zolipirira onse zitachepa, cholungama n'chiti, kuti onse alandire zochepa, kapena kuti ena achotsedwe, otsalawo nalandirabe monga kale? Ndipo kodi wantchito ali nawo udindo wolola kuti malipiro ake adulidwe chifukwa cha mnzake?

Zimene zidaoneka m'makampani a ndege

Kampani ya Air Malawi idabadwa m'chaka cha 1964, chaka cha ufulu wa dziko lathu, ili nthambi ya Central African Airways imene inkatumikira maiko atatu a Chitaganya. M'chaka cha 1967 kampani yaikuluyo idatha, Air Malawi niima payokha. M'zaka za m'ma 1970 ndege yake yotchedwa VC10 inkafika mpaka ku London, ndipo Amalawi adanyadira zedi poona mbendera yawo ikutera m'maiko a kutali.

Koma ntchito ya ndege m'dziko losauka njovuta. Mafuta, zitsulo zokonzera, inshuwalansi ndi msonkho wa mabwalo a kunja, zonsezi zimafuna madola, pamene matikiti ambiri amagulidwa ndi makwacha. Kampani ya ndege zochepa, imodzi ikadwala, maulendo amaima, koma malipiro ndi ngongole siziima. Air Malawi idasenza ngongole kwa zaka zambiri. M'mwezi wa Meyi 2012 boma lidatsitsa mphamvu ya kwacha, zonse zogulidwa ndi madola nizikwera pa tsiku limodzi. Mu Novembala chaka chomwecho boma lidaganiza zoithetsa kampaniyo, ndipo mu Febuluwale 2013 ndege zake zidaleka kuuluka. M'malo mwake mudabadwa kampani yatsopano, imene boma la Malawi lidatenga magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines nitenga magawo 49, ndipo idayamba maulendo mu Januwale 2014. Dziko lidapezanso ndege, koma si onse a kampani yakale amene adapezanso ntchito.

Abale athu a kutsidya kwa malire, a ku Chipata ndi ku Katete, adaziona izi ife tisanazione. Zambia Airways, yobadwa m'nyumba imodzi ndi Air Malawi, idatsekedwa mu Disembala 1994, ndipo padapita zaka 27 dzinalo lisanaonekenso m'mlengalenga. Kenaka m'chaka cha 2020 mliri wa Covid-19 udaimitsa ndege pa dziko lonse. Kwathu kuno maulendo a apaulendo opita kunja adaimitsidwa kuyambira Epulo mpaka Seputembala. M'masiku amenewo makampani ambiri adaika funso lija pamaso pa antchito awo. A Kenya Airways adadula malipiro kuyambira kwa mkulu wa kampani kutsika m'munsi. South African Airways, imene ana athu ambiri adakwerapo popita ku Johannesburg, idali itagwa kale mu Disembala 2019, ndipo pa antchito ake pafupifupi 4,700, dongosolo loipulumutsira lidasungapo malo a anthu pafupifupi 1,000 okha.

Masamu ake ngapafupi, mtolo wake ngwolemera

Tiyerekeze kuti kampani ili ndi antchito 100 olandira mofanana, koma ndalama zotsala zingakwanire anthu 80 okha. Njira zilipo ziwiri. Achotsedwe anthu 20, otsalawo asataye kanthu. Kapena onse akhale, koma aliyense ataye K20 pa K100 iliyonse. M'mabuku a kalaliki njira ziwirizi n'zofanana ndithu, pakuti ndalama zopulumuka ndi zomwezo. M'nyumba za anthu sizifanana ayi. Pa njira yoyamba mabanja 20 ataya zonse. Pa njira yachiwiri mabanja 100 ataya pang'ono, nakhalabe ndi ufa.

Tsono tifunse: ochotsedwawo amakhala ayani? Kawirikawiri amakhala amene adalowa ntchito posachedwa, achinyamata oyamba kumene banja, osesa, onyamula katundu, ogulitsa matikiti. Woyendetsa ndege ndi makaniko wa luso, ntchito ikatha, angathe kukafunsira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Dubai, chifukwa luso lawo n'losowa. Wonyamula masutikesi pa Chileka kapena pa Lumbadzi alibe kwina kothawira. Choncho pa tsiku loponya voti m'bungwe la antchito, munthu wodziwa kuti dzina lake silidzalembedwa pa mndandanda wa ochoka amakhala akuweruza za nsima ya mnzake. Akakana kudulidwa malipiro, amene adzalipire kukana kwakeko ndi wina. Apa m'pamene nkhaniyi isandukira nkhani ya chikumbumtima.

Tisaiwalenso kuti wantchito mmodzi wa m'tauni amaima pa mapewa ake mudzi. Ndiye amene amatumiza ndalama za feteleza, za fizi ya mphwake, za bokosi pa maliro. Kalata yochotsa munthu ntchito ikalembedwa ku Blantyre, ululu wake umamveka ku Mkanda ndi ku Kapiri. Makolo athu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Chifukwa chake tinena poyera kuti wantchito wolola kulandira zochepa kuti mnzake asachoke achita chinthu chokoma, choyenera ulemu. M'chaka cha njala mayi sathamangitsa ana awiri kuti atatu otsala akhute. Amachepetsa mitanda, mwina kusandutsa nsima phala, kuti onse aone m'mawa.

Koma fanizo la mayili lili ndi mbali yachiwiri, imene eni makampani sakonda kuitchula. Mayi wochepetsa mitanda ndiye amene amadya pomalizira, ndipo ana amaona ndi maso awo kuti m'dengu ufa watha. Nanga m'kampani amadya pomalizira ndani? Ndipo dengu adalionetsa kwa yani?

Zimene Eklezia adaphunzitsa kale

Funso limeneli si lachilendo kwa Eklezia. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya 1891 yotchedwa Rerum Novarum, adaphunzitsa kuti pangano la malipiro silisanduka lolungama chifukwa chokha chakuti wantchito wavomera. Munthu akavomera zochepa chifukwa cha mantha kapena kusowa kolowera, wachitidwa nkhanza, ngakhale adasaina ndi dzanja lake. Patapita zaka 40, m'chaka cha 1931, pamene mafakitale a ku Ulaya ndi ku America ankatsekedwa ndipo anthu osawerengeka adali pa ulova, Papa Pius XI adalemba kalata ya Quadragesimo Anno, nalongosola zinthu zitatu zoyenera kuziyesa poika malipiro.

Choyamba ndi moyo wa wantchito ndi banja lake: malipiro akwanire kuwasunga. Chachiwiri ndi thanzi la ntchito yeniyeniyo: n'kulakwa kuumirira malipiro amene kampani singathe kupereka popanda kugwa, pakuti ikagwa ovutika ndi antchito omwewo. Chachitatu ndi ubwino wa anthu onse: malipiro aikidwe mwanjira yakuti anthu ambiri ndithu apeze ntchito. Taonani tsono kuti Eklezia saletsa kudula malipiro nthawi zonse, ndipo sauza wantchito kuti aziumirira zake ngakhale denga likugwa.

Koma Papa yemweyo adaikapo chenjezo lolimba. Ngati kampani ikutaya ndalama chifukwa cha ulesi wa oiyendetsa, kusadziwa ntchito, kapena kunyalanyaza kukonza zinthu pa nthawi yake, chimenecho si chifukwa cholungama chochepetsera malipiro a antchito. Mawu amenewa alasa pamtima pa nkhani yathu. Mliri sudabwere ndi bwana, ndipo mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse suikidwa ku Lilongwe. Zotere ndi tsoka la onse, loyenera kusenzedwa ndi onse. Koma kugula ndege yosayenera, kulemba abale ntchito zopanda ntchito, kukongoza matikiti kwa anthu osabweza, zimenezi zikapezeka m'kampani ina iliyonse, zili ndi mwini wake. N'chosalungama kuti wosesa alipire mlandu umene adapalamula wa mu ofesi ya pamwamba.

Kudzimana mumdima

Pali nkhani ina yochokera ku America imene iyenera kudziwika kwa aliyense wofunsa anzake kuti adzimane. M'mwezi wa Epulo 2003 kampani yaikulu ya American Airlines idali pafupi kugwa. Akuluakulu ake adapempha oyendetsa ndege, otumikira apaulendo ndi amakaniko kuti alole kutaya malipiro ndi zina zokwana madola 1.8 biliyoni pa chaka. Antchito adaponya voti ndi mitima yolemera, navomera. Mavoti atangotha, kudamveka kuti kampaniyo idali itakonzera kale akuluakulu ochepa mphatso za ndalama zowasungira pa ntchito, nitchinjiriza penshoni zawo kuti zisakhudzidwe ngakhale kampani itagwa, ndipo zimenezi sizidaululidwe kwa oponya voti. Mkwiyo udabuka waukulu, kotero kuti mkulu wa kampaniyo, Donald Carty, adatula pansi udindo mwezi womwewo.

Ndalama za mphatsozo zidali zochepa poyerekeza ndi ngongole za kampani. Chimene chidapsetsa mitima ndi chakuti anthu adauzidwa kuti tonse tili m'bwato limodzi, pamene ena adali atabisa kale bwato lawo m'bango. Kudzimana ndi mphatso, ndipo mphatso imaperekedwa ndi munthu wodziwa chimene akupereka ndi chifukwa chake. Chimene munthu walandidwa atamangidwa m'maso ndi kuba, ngakhale chitalembedwa bwino pa pepala.

Zoyenera kukhalapo wantchito asanavomere

Kuchokera pa zonsezi tingathe kutola mfundo zisanu zoyesera pempho lililonse lodula malipiro.

Poyamba, mabuku a ndalama atsekulidwe. Atsogoleri a antchito, pamodzi ndi munthu wodziwa mawerengero amene iwo eni amsankha, aone zolowa, zotuluka, ngongole ndi malipiro a akuluakulu. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri, kudula kuyambire pamwamba, ndipo kukule pamwamba. Kudula gawo lofanana kwa onse kumaoneka ngati chilungamo, koma n'chikomekome cha mkuyu. Wolandira zambiri akataya K20 pa K100 aleka kugula galimoto yatsopano. Wolandira zochepa akataya gawo lomwelo achotsa mwana pa sukulu.

Chachitatu, pakhale malire a pansi osadutsika. Amene malipiro ake amangokwanira ufa, lendi ndi sopo asapemphedwe kanthu konse. Munthu sangapereke mphatso kuchokera m'mbale ya ana ake.

Chachinayi, pangano likhale ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndiponso linene chimene antchito adzalandire zinthu zikadzakoma. Amene adasenza nawo chilala ayenera kudya nawo masika.

Chachisanu, kampani ilonjeze polemba kuti pa nthawi ya panganolo sidzachotsa munthu chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Popanda lonjezo limeneli antchito angataye malipiro lero, anzawo nachotsedwabe mawa, kudzimana konse kuja nikupita pachabe.

Kodi wokana walakwa?

Wina adzati: ngati kudzimana n'kokoma, ndiye kuti wokana ndi wodzikonda. Ayi, tisafulumire kuweruza. Chikondi chimatipempha zambiri, koma sichitiuza kuti titaye nzeru. Kumbukirani za United Airlines, kampani inanso ya ku America. M'chaka cha 1994 antchito ake ambiri adalola kudulidwa malipiro, nalandira m'malo mwake magawo 55 pa 100 a kampaniyo. Anthu adaitamanda njirayi. Koma mu Disembala 2002 kampaniyo idalephera kubweza ngongole, magawo aja nasanduka pafupifupi mapepala chabe, ndipo m'chaka cha 2005 thumba la penshoni zawo lidathetsedwa, ambiri nalandira zochepera zimene adalonjezedwa. Pali matenda ena a kampani amene kudula malipiro sikungachize, monga momwe kuchepetsa mbewu sikuchiza munda woguga.

Choncho wantchito amene waona mabuku, nazindikira kuti kampani yafa kale, kapena amene wakanizidwa kuwaona, salakwa pokana. Ali ndi udindo kwa mkazi kapena mwamuna wake ndi kwa ana ake, umene uli woyamba. Palinso msampha wina woyenera kuudziwa. Lamulo la ntchito la dziko lathu limanena kuti munthu wochotsedwa chifukwa cha kuchepa kwa ntchito alandire ndalama zomutsanzikira, zowerengedwa monga mwa zaka zimene wagwira: malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, a milungu itatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi a milungu inayi pa chaka chilichonse chopitirira pamenepo. Tsono munthu akalola kuti malipiro ake atsike, kampani nigwa patapita miyezi yochepa, angapezeke kuti ndalama zomutsanzikirazo zawerengedwa pa malipiro otsika aja, nataya kawiri. Wanzeru aumirire kuti pangano linene poyera kuti zidzawerengedwa pa malipiro akale.

Koma pali kukana kwina kumene sitingakuyamikire: kukana kwa munthu wokhuta, wodziwa kuti mabuku ngoona, kuti akuluakulu adzidula kale, kuti kudzimana kwake kungasunge anzake makumi awiri, koma nati mumtima mwake, ine sizindikhudza, ndidalowa kale. Munthu wotere sadaswe lamulo la boma, ndipo bwalo silingamuimbe mlandu. Koma adzayankha kwa chikumbumtima chake tsiku limene adzakumane ndi mnzake uja pa msika akugulitsa makala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mangawa kwa amene achoka

Nthawi zina njira zonse zimatsekeka, ndipo ena ayenera kuchoka ndithu, monga zidachitikira ku Lusaka mu 1994 ndi ku Blantyre mu 2013. Pamenepo chilungamo sichitha ntchito. Ochokawo auzidwe nthawi ikadalipo, asamve pa wailesi. Asankhidwe ndi muyeso wodziwika kwa onse, wosayang'ana mtundu, chipani kapena chibale. Alandire zawo zonse msanga, pakuti ndalama yolandiridwa patapita zaka, kwacha itagwa, ndi theka chabe la ndalama, ndipo katekisimu amawerengera kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira kumwamba. Kuli bwalo la milandu ya antchito loweruza zotere, koma n'chamanyazi kuti munthu wotumikira zaka makumi awiri akalandire zake pokhapokha atayenda m'mabwalo.

Kampani ikakhala ya boma, mangawa amenewa amakula. Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito, adaphunzitsa kuti kuseri kwa bwana wolemba munthu ntchito kuli bwana wina wosaoneka, ndiye boma ndi malamulo ake ndi mapangano a maiko, amene amaumba moyo wa wantchito ngakhale sasaina kalata yake. Boma likasankha oyendetsa kampani, likaika mphamvu ya ndalama, likaganiza tsiku lotseka, silingasambe m'manja ponena kuti malonda ndiwo avuta. Komanso tikumbukire kuti ndalama zimene boma limathira m'kampani yodwala zimachokera ku msonkho wa mlimi wogula sopo ndi mchere pa Kamwendo, amene chipatala chake chikusowa mankhwala. Nayenso ali ndi gawo pa mlanduwu, ndipo wantchito wa ndege sangafune kuti mlimiyo asenze malipiro ake mpaka muyaya.

Kwathu kuno

Tsono tibwerere pa nthaka yathu. Fodya akagwa mtengo ku okushoni, mwini esiteti amaitana antchito nawauza kuti chaka chino zavuta. Kodi amawaonetsa mapepala a malonda? Kodi iye mwini wadzimana chiyani? Sitolo ikachepa ogula, sukulu ikachepa ophunzira, bungwe la alimi likalephera kugulitsa mtedza, funso ndi lomwe lija la pa Chileka. Ngakhale ife amene tili ndi mlonda mmodzi, wophika mmodzi kapena mnyamata wa ng'ombe, ngakhalenso makomiti a matchalitchi athu, tiyenera kudziyesa ndi muyeso womwewo tisanauze munthu kuti mwezi uno ulandira theka.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, nkhaniyi muikambe ndi akhristu anu, pakuti pakati pawo pali olemba ntchito ndi olembedwa, okhala pa benchi limodzi Lamulungu. Olembedwa muwakumbutse kuti mnzawo wa pa ntchito ndi mbale, ndipo kuti kugawana kuchepa kuposa kuponya mmodzi kunja. Olemba ntchito muwauze mosaopa kuti asapemphe kudzimana kumene iwo eni sadayambe, ndipo kuti wofuna kuti anthu achepetse mitanda ayambe wavundukula dengu, onse aone ufa umene watsala.